Phanga Limene Asodzi a ku Capri Ankaliopa

Kumwera kwa dziko la Italy, moyang'anizana ndi mzinda wa Naples, kuli chilumba chotchedwa Capri. Ndi chaching'ono ndithu. Kukula kwake ndi masikweya kilomita 10 okha, moti Likoma wathu amachiposa. Koma Likoma ali ndi magombe amchenga pamene munthu angakokere bwato kumtunda, pomwe Capri ndi chithanthwe chimodzi cha mwala wa laimu chotumphuka m'nyanja yamchere ya Mediterranean. Mbali zambiri za chilumbachi ndi maphompho otsikira m'madzi, ndipo madooko enieni alipo awiri basi: Marina Grande kumpoto ndi Marina Piccola kumwera. Kwina konseko kuli timagombe tobisika ndi mapanga amene simungawaone muli pamtunda. Wofuna kuwaona ayenera kukwera bwato.

Maboti a alendo amanyamuka pa Marina Grande n'kuzungulira chilumba chonse, ndipo ulendowo umatenga ola limodzi kapena awiri malinga ndi malo amene aima. Woyendetsa boti ndiye amakhalanso wofotokoza. Dzanja lina limakhala pa chiwongolero, lina likuloza uku ndi uku, ndipo palibe thanthwe limene amalidutsa osatchula nthano yake. Alendo ambiri amangoseka n'kupitiriza kujambula zithunzi. Komabe nthano za m'mphepete mwa nyanja n'zoyenera kuzitchera khutu, chifukwa zambiri zakalekale zinamera pamalo pamene anthu anafera, kapena pamene akanatha kufa. Pamwamba nthanoyo imakamba za mizimu ndi zilombo, koma mukafukula pansi pake mumapeza mwala wobisika m'madzi, mafunde oipa, kapena munthu wankhanza.

Phompho la mfumu

Boti likalowera kum'mawa, posakhalitsa mumafika m'munsi mwa phompho lotalika pafupifupi mamita 300. Dzina lake ndi Salto di Tiberio, kutanthauza polumphira pa Tiberius. Tiberius ameneyu ndi mfumu yaikulu ya Aroma ija imene owerenga Baibulo amaidziwa kuti Tiberiyo Kaisara pa Luka 3:1. Analamulira kuyambira chaka cha 14 mpaka 37, ndipo m'chaka cha 27 anasamukira ku Capri osadzalowanso mumzinda wa Rome. Ndiye kuti pamene Yohane Mbatizi ankalalikira m'mbali mwa Yordano, mwini ufumu wonsewo anali pamwamba pa thanthwe limeneli, m'nyumba yake yachifumu yotchedwa Villa Jovis. Mabwinja a nyumbayo alipobe.

Sikuti anakopeka ndi kukongola kokha. Olemba mbiri achiroma, Tacitus ndi Suetonius, onse awiri amanena kuti chilumbachi chinali chovuta kukocheza, moti palibe amene akanafika alonda osamuona. Suetonius akusimba kuti patangopita masiku ochepa mfumuyo itafika, msodzi wina anakwera matanthwe a kuseri, kumene aliyense ankaganiza kuti sikukwereka, n'kutulukira pamaso pake atanyamula nsomba yaikulu ngati mphatso. Mfumu m'malo mothokoza inagwidwa mantha, poona kuti linga lake lili ndi polowera. Inalamula kuti amukhule kumaso ndi nsomba yomweyo. Msodziyo ali mkati momva ululu anati ali ndi mwayi kuti sanapereke nkhanu yaikulu imene anagwiranso tsikulo, ndipo Tiberius atamva analamula kuti nkhanuyonso aitenge amukande nayo.

Wolemba yemweyo akuti anthu amene mfumu yawaweruza ankaponyedwa kuchokera pamwamba pa phompholi, ndipo pansi pankadikira amalinyero okhala ndi nkhafi ndi ngowe kuti amalize aliyense amene akupumabe. Tiyenera kukumbukira kuti Suetonius analemba patadutsa zaka zoposa 80 Tiberius atamwalira, ndiponso anali munthu wokonda nkhani zamanyazi za mafumu. Akatswiri ambiri a mbiri samukhulupirira pa zonse. Koma iye ananena kuti m'masiku ake anthu ankalozerana kale malowo, ndipo mpaka lero akulozeranabe. Zaka pafupifupi 2,000 zapita, asodzi ndi oyendetsa maboti a ku Capri sanaiwale kuti pamwamba apo panakhala munthu woopsa.

Kuchokera pamenepo boti limakhotera kumwera. Limalowetsa mphuno m'phanga loyera lotchedwa Grotta Bianca, kenaka n'kufika pa matanthwe atatu otchuka a Faraglioni, amene anaimirira m'nyanja ngati nsanja. Lalitali kwambiri limaposa mamita 100. Lakunja kwenikweni lili ndi abuluzi abuluu amene amadziwika nalo. Lapakati lili ndi chiboo chachikulu chimene boti limadutsamo, ndipo oyendetsa maboti amauza alendo kuti mwamuna ndi mkazi akapsompsonana akudutsa pamenepo chikondi chawo sichidzatha. Iyi ndi nthano ya mtundu wina, yosangalatsa alendo ndi kukometsa malonda. Ilibe mantha, ilibenso chimene ikuchenjeza.

Akazi oimba

Pa Marina Piccola pali thanthwe lotchedwa Scoglio delle Sirene, thanthwe la ma Siren. Cha kum'mawa, kufupi ndi tauni ya Positano kumtunda, kulinso tizilumba ta Li Galli timene anthu akale ankatitcha ndi dzina lochokera ku ma Siren omwewo. Nthano yake ndi ya Agiriki, ndipo imapezeka m'ndakatulo yakale ya Homer yotchedwa Odyssey. Ma Siren anali zolengedwa zoimba mokoma kwambiri, moti wamalinyero aliyense womva nyimbo yawo ankaiwala kwawo n'kulunjika kumene kukuchokera mawuwo, osabwererakonso. Masiku ano anthu amawajambula ngati akazi amchira wa nsomba, koma Agiriki akale ankawajambula ngati mbalame zamitu ya akazi. Odysseus, mwini nkhaniyo, anatseka makutu a anyamata ake ndi phula, iye n'kudzimangitsa pa mlongoti wa ngalawa kuti amve nyimboyo koma alephere kuitsatira.

Pali kanthu kena m'nthanoyi kamene ofotokoza ambiri amakalumpha. Ngalawa itayandikira kwa ma Siren, mphepo inaleka, nyanja inangoti bata. Ngoziyo sinabwere ndi namondwe. Ine ndimaona kuti apa m'pamene pagona nzeru ya amalinyero akale. Kukawomba chimphepo aliyense amakhala tcheru ndipo amatalikira matanthwe. Koma nyanja ikadekha, dzuwa likuswa mtengo, anthu atatopa ndi kupalasa, kagombe kokongola pakati pa miyala kamakopa. Munthu amasendera pafupi kuti apume, osadziwa kuti m'madzimo muli mwala wosaoneka, kapena kuti madzi akukoka cham'mbali. Aliyense amene anakulira ku Nkhata Bay kapena ku Monkey Bay akudziwa kuti madzi odekha a pakati pa miyala si onse amene ali abwino.

Ngozi ina ya m'magombe amenewa inali anthu. M'zaka za m'ma 1500 achifwamba apanyanja ankasautsa kwambiri dera lino, ndipo mu 1535 mkulu wa zombo za nkhondo za Aturuki, Barbarossa, anaukira Capri. Linga lina lakale pamwamba pa chilumbachi limatchedwabe ndi dzina lake. Phanga limene lero ndi malo ojambulirapo zithunzi, nthawi imeneyo likanatha kubisa bwato la adani. Kholo louza mwana kuti m'mapanga muli zoopsa silinkanama kwenikweni.

Pakamwa pa Grotta Azzurra

Boti likadutsa phanga la madzi obiriwira la Grotta Verde ndi nsanja ya nyali ya pa Punta Carena, limatulukira kumpoto chakumadzulo kwa chilumba. Kumeneko, m'munsi mwa khoma la mwala, kuli kabowo kakuda kamene mungakadutse osakazindikira pakanapanda mabwato ambirimbiri odikira panja pake. M'lifupi ndi mamita awiri, ndipo kuchokera pamadzi kufika pa denga ndi mita imodzi yokha nyanja ikakhala yabata. Kabowo kameneka ndi khomo la Grotta Azzurra, phanga labuluu, malo amene anatchukitsa Capri padziko lonse.

Kwa zaka mazana ambiri anthu a pachilumbachi ankalidziwa phangali koma ankalipewa. Ankalitcha Gradola, potengera dooko laling'ono lapafupi, ndipo ankati mumakhala afiti ndi ziwanda. Panali nkhani yoti ansembe awiri analowamo nthawi ina n'kutulukamo ali njenjenje ndi mantha, akunena kuti aona zinthu zachilendo. Msodzi wanzeru ankangopalasa kudutsa.

Mu 1826 mlendo wa ku Germany, August Kopisch, amene anali wolemba ndakatulo komanso wojambula, anamva nkhanizi kwa Giuseppe Pagano, mwini nyumba ya alendo imene ankagonako. Anagwirizana zokaona okha. Anatenga mnzake wojambula, Ernst Fries, ndi msodzi wa pomwepo, Angelo Ferraro, ndipo analowa mosambira, atatenga moto wounikira. Sanapezemo chiwanda. Anapeza chipinda chachikulu, pafupifupi mamita 60 m'litali ndi 25 m'lifupi, chamdima kumwamba koma madzi ake akuwala buluu ngati pansi pake pali nyali. Kopisch analemba za ulendowo, ndipo mabuku ambiri amati iye ndiye anatulukira phangali. Mawu oti kutulukirawa tiziwamva monga momwe timamvera tikauzidwa kuti David Livingstone anatulukira nyanja ya Malawi mu 1859, pomwe anapeza anthu akuwedza. Amene anatsogolera njira ku Capri anali msodzi. Chimene Kopisch anachita ndi kuuza anthu akunja, ndipo pasanapite zaka zambiri alendo anayamba kukhamukirako. Hans Christian Andersen analiika phangali m'buku lake la mu 1835, ndipo Mark Twain anadzalembanso za ilo m'buku la maulendo ake la mu 1869.

Nanga ansembe aja anaona chiyani? Mbali ina ya yankho inapezeka mu 1964, pamene akatswiri anavuula ziboliboli zachiroma pansi pa madzi a m'phangamo. Zinali za milungu ya panyanja ya Aroma, Neptune ndi Triton. Kumapeto kwa phanga kuli pokocheza posemedwa ndi manja a anthu, ndipo pamwamba pake, kunja, pali mabwinja a nyumba yachiroma. Akatswiri amati m'masiku a Tiberius phangali linali malo osambira ndi opumulirako a mfumu, okongoletsedwa ndi ziboliboli m'mbali mwa makoma. Ufumu utatha, eni ake anachoka, nkhani inaiwalika, ziboliboli zinatsala. Taganizirani munthu amene walowa mumdima akusambira, mtima uli m'mwamba chifukwa cha zimene anamva kuyambira ali mwana. Madzi akuyaka popanda moto, thupi lake lomwe lasanduka loyera ngati siliva, mafunde akulira m'makoma, ndipo mwina pakona pakuoneka chinthu chokhala ngati munthu wamwala. Sindingamuseke munthu ameneyo chifukwa chothawa.

Kuwalako kuli ndi chifukwa chake chosavuta kumva. Pansi pa kabowo kolowera kaja, mkati mwa madzi, muli bowo lina lalikulu kwambiri limene maso saliona. Kuwala kochuluka kwa dzuwa kumalowera pamenepo, ndiye kuti kumayamba kadutsa m'madzi akuya kasanafike m'phanga. Kuwala kwa dzuwa kumene timakuona ngati koyera ndi kosakaniza mitundu yonse ya utawaleza. Madzi amameza msanga mtundu wofiira, kenaka wachikasu, koma wabuluu umapyola n'kupita patali. Choncho kuwala kumene kumatulukira m'phangamo kuchokera pansi kumakhala kwabuluu kokhakokha. Popeza denga ndi makoma zili mumdima, diso limaona ngati madziwo ndiwo akutulutsa kuwala. Mukaviika dzanja kapena nkhafi, timathovu tampweya tomatirira pamenepo timabweza kuwala, ndipo chinthucho chimanyezimira ngati siliva. Nthawi yabwino kwambiri ndi masana, kuyambira 12 koloko mpaka cha m'ma 2, tsiku lopanda mitambo.

Ziwanda munalibe, koma ngozi inalipo, ndipo ilipobe. Ili pakhomo. Boti la injini silingalowe. Alendo amatsika n'kukwera timabwato topalasa totenga anthu anayi okha, ndipo amakhala pansi penipeni, osati pa mipando. Kabwato kakafika pakamwa pa phanga, wopalasa amalowetsa nkhafi mkati, amauza onse kuti agone chagada, n'kugwira unyolo umene unakhomeredwa m'thanthwe. Amadikira. Nyanja imapuma ngati chifuwa cha munthu, kukwera ndi kutsika, ndipo iye amawerenga kapumidwe kameneko. Madzi akangotsika amakoka unyolo ndi mphamvu, nayenso n'kudzigwetsa chagada pamwamba pa alendo, kabwato n'kulowa ngati muvi. Akachedwa pang'ono, funde lotsatira limanyamula kabwatoko n'kukaombetsa kudenga lamwala. Mlendo wodzutsa mutu kuti ajambule chithunzi pa nthawi imeneyo akuika moyo wake pachiswe.

N'chifukwa chake kusambira m'phangali n'koletsedwa. Alipo ena amene amazemba madzulo opalasa ataweruka, n'kulowa mosambira monga anachitira Kopisch. Amaiwala kuti funde limodzi lokha, ngakhale lochokera ku sitima yodutsa patali, likhoza kutseka khomolo ndi madzi kapena kumenyetsa munthu pamwala. Makolo akale a ku Capri analibe zikwangwani zochenjeza. Anali ndi nthano ya afiti, ndipo n'zosakayikitsa kuti inasunga ana ambiri a asodzi amene akanalowamo mwachibwana. Mtengo wake unali wakuti mibadwo yambiri inakhala ndi kufa osaona chinthu chokongola kwambiri cha pachilumba chawo, mpaka mlendo anachita kubwera kudzafunsa.

Thupi pa bwato

Mkati mwa phanga mumangokhala mphindi zisanu kapena kuposerapo pang'ono. Wopalasa amazungulira kamodzi kapena kawiri, nthawi zambiri akuimba nyimbo za ku Naples kuti mumve mmene mawu amabwerera m'makoma, kenaka mumagonanso chagada n'kutuluka. Chimene chimatenga nthawi ndi kudikira panja. M'miyezi yotentha ya July ndi August mzere wa maboti umatha kutenga ola kapena kuposa, ndipo apa m'pamene anthu ambiri amagonja, osati ndi mantha koma ndi nseru.

Boti loima limagwedeza munthu kuposa loyenda. Nseru ya panyanja imabwera chifukwa cha kusamvana kwa ziwalo: mkati mwa khutu muli tiziwalo tomva kupendama kwa thupi, ndipo timauza ubongo kuti mukukwera ndi kutsika, pomwe maso amene akuyang'ana pansi pa boti kapena pa foni akunena kuti mwangokhala. Ubongo ukasokonezeka, m'mimba mumayamba kutembenuka. Mankhwala oyamba ndi kukweza maso n'kuyang'ana kutali kumene nyanja yakumana ndi thambo, kuti maso ndi makutu zinene chimodzi. Khalani chapakati pa boti, pamene sipagwedera kwambiri, ndiponso popita mphepo, kutali ndi utsi wa injini. Musakwere ndi njala, musakwerenso mutakhuta zamafuta. Ena jinja amawathandiza. Mapiritsi oletsa nseru amagwira bwino mukamwa ulendo usanayambe, koma ambiri amagonetsa tulo, choncho funsani adokotala kapena a ku famase musanapatse mwana kapena mayi woyembekezera. Dzuwa la pamadzi nalonso limanyenga, chifukwa kamphepo kamabisa kutentha pomwe kuwala kukukuombani kuchokera kumwamba ndi pamadzi pomwe. Chipewa ndi botolo la madzi akumwa n'zofunika kuposa kamera. Malangizo amenewa ndi omwewo kaya muli ku Capri kaya mukuwolokera ku Chizumulu, pamodzi ndi lija loti mwana asakwere bwato popanda jekete yoyandamitsa, ngakhale akudziwa kusambira.

Tsiku lina mukadzapezeka ku Naples, boti lothamanga lidzakufikitsani ku Capri pasanathe ola limodzi. Koma musadzalonjeze ana kuti phanga labuluu adzaliona. Nyanja ya Mediterranean sikwera ndi kutsika kwambiri monga nyanja zina zamchere, komabe pakhomo la mita imodzi kusintha pang'ono kokha n'kokwanira. Mphepo ikaomba kuchokera kumpoto kapena kumadzulo, mafunde amamenya pakamwa pa phanga ndipo palibe amene amalowa. M'miyezi yozizira, kuyambira November mpaka March, limakhala lotseka masiku ambiri, ndipo ngakhale m'nyengo yotentha limatha kutsekedwa dzuwa likuwala bwinobwino, nyanja ikuoneka yabata kwa mlendo.

Amene amagamula ndi opalasa timabwato aja. M'mawa uliwonse amapita pakamwa pa phanga kukaona mmene madzi akupumira, ndipo uthenga umatumizidwa ku Marina Grande kuti lero kulowa kulipo kapena ayi. Akati ayi, anthu ochokera ku Japan, ku America ndi kwina konse amangozungulira chilumba, kuloza kabowo kakuda kaja ali patali, n'kubwerera ku Naples ndi boti lamadzulo.